KUYAMBA KULIMBITSA THUPI LOLEFUKA, NDI KUSALEKERA PANJIRA

Mau awa ali makamaka kwa inu abale athu olankhula Chinyanja okhala ku Kadoma, ku Chegutu, ku Eiffel Flats, ku Chakari, ndi m'makomboni a migodi ndi a mapulazi ozungulira. Nkhani yathu lero iri ya munthu amene thupi lake lalefuka chifukwa cha kukhala pansi zaka zambiri, ndipo tsopano afuna kuyamba kulilimbitsa. Kuyamba kokha sikusautsa, pakuti ambiri adayambapo kale, ena kawiri, ena katatu. Chosautsa ndicho kupitiriza pofika mlungu wachiwiri ndi wachitatu, pamene miyendo ilikuwawa, mimba sinaphwe, ndipo anansi ayamba kuseka. Tsono tiyeni tione chimene chimagwetsa munthu mphwayi pa nthawi imeneyo, ndi umo angachigonjetsere.

MBALE YA NSIMA IDATSALA, FOSHOLO IDAPITA

Makolo a ambiri a inu adafika kuno ndi miyendo. Adachokera ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi, ku Chipata ndi ku Tete, ena akuyenda pansi milungu yambiri m'tchire ndi kuoloka Zambezi, ena atakwera magalimoto a Ulere ndi a Mthandizi. Masiku amenewo Kadoma anali kutchedwa Gatooma, ndi Chegutu anali Hartley, kufikira maina adasinthidwa m'chaka cha 1982. Adagwira fosholo ndi nyundo m'migodi ya golide monga Cam and Motor, Dalny ndi Golden Valley; ena adalima thonje ndi chimanga m'mapulazi; ena adaomba nsalu m'fakitale ya David Whitehead. Sitinena kuti moyo umenewo unali wokoma, pakuti ntchito ija idathyola misana ndi kuononga mapapo a anthu ochuluka. Koma panalibe mmodzi mwa iwo wosowa womuuza kuti ayende.

Lero zinthu zatembenuka m'mabanja ambiri. Bambo wina adapuma ntchito ya mgodi, ndipo amaswera pakhonde. Wina amayendetsa kombi pakati pa Kadoma ndi Chegutu kuyambira mbandakucha kufikira usiku. Mai wina amakhala pabenchi tsiku lonse akugulitsa tomato ku Rimuka kapena ku Pfupajena. Mbale ya nsima ikadali yomwe ija ya munthu wa fosholo, koma fosholoyo adaisiya kalekale. Pang'onopang'ono lamba achepa, maondo alema, ndipo kachitunda kakang'ono kamchititsa befu. Pambuyo pake anamwino akuchipatala amuuza kuti magazi ake alikuthamanga kwambiri, kapena kuti shuga wakwera, ndipo amlangiza kuti aziyenda.

Inu amene mumalima ndi khasu tsiku ndi tsiku, kapena kukumba ndi kusenza miyala, nkhani iyi siikhudza inu kwenikweni, chifukwa ntchito yanu ikuyendetsani magazi mokwanira. Koma imvani ndithu, kuti mukathandize amai anu, amalume anu, kapena mnzanu wa m'nyumba.

KODI PHINDU LAKE NLOTANI?

M'chaka cha 1953 dokotala wina wa ku London, dzina lake Jeremy Morris, pamodzi ndi anzake, adalengeza zimene adapeza atafufuza amuna pafupifupi 31,000 ogwira ntchito yonyamula anthu mumzindamo. Mabasi akumeneko ngosanjikizana, ali ndi mipando pansi ndi pamwamba. Dalaivala amakhala pampando pafupifupi nthawi yonse ya ntchito, koma kondakitala anali kukwera ndi kutsika makwerero kosaleka potolera ndalama. Morris adapeza kuti nthenda ya mtima inali kugwira makondakitala ochepa poyerekeza ndi madalaivala, ndipo ikawagwira sinali kuwapha msanga monga anzao okhala pansi. Anthu awa anali a mumzinda umodzi, okwera basi imodzi. Chachikulu chowasiyanitsa chinali makwerero aja.

Kuyambira pamenepo asing'anga a maiko ambiri atsimikiza zomwezo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, m'malangizo ake a m'chaka cha 2020 lidati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 kufikira 300 pa mlungu. Ndiko kunena kuti mphindi 30 pa tsiku, masiku 5 pa mlungu, zikwanira poyambira. Bungwe lomwelo lidawerenga kuti m'chaka cha 2022, mwa akulu 100 alionse pa dziko lapansi, 31 sanali kufika pa muyeso umenewu. Chotero inu amene mwalefuka musadziyese chilendo. Anzanu ali m'maiko onse.

Koma mau okondweretsa koposa kwa munthu woyamba kumene adachokera ku Taiwan m'chaka cha 2011. Kumeneko adatsata anthu oposa 400,000 kwa zaka pafupifupi 8, napeza kuti ochita zolimbitsa thupi mphindi 15 zokha pa tsiku anali kufa mochepera ndi 14 pa 100 poyerekeza ndi osachita konse, ndipo moyo wao unali kutalikirapo ndi zaka ngati 3. Gwiritsani mfundo iyi: phindu lalikulu limagwera munthu amene wachoka pa kusachita kanthu nafika pa kuchita pang'ono. Wothamanga wa mpikisano akaonjeza mphindi 15 apindula zochepa. Inu mukayamba mphindi 15 mupindula zambiri.

ZINTHU ZINAI ZOGWETSA MPHWAYI

Choyamba ndicho kuyamba ndi katundu wolemera. Bambo wa zaka 50 amakumbukira kuti ali ndi zaka 20 anali kumenya mpira m'timu ya pamgodi osatopa. Tsono tsiku loyamba azungulira bwalo akuthamanga kufikira m'maso mwachita mdima. M'mawa mwake thupi liwawa, mkuja wake alephera ngakhale kukhala pansi bwino, ndipo anena kuti, "Izi nza ana." Chachitika nchiyani? Minofu imene idazolowera kugona ikagwiritsidwa ntchito modzidzimutsa imapweteka pang'ono m'kati mwake. Ululu wake umakula patapita tsiku limodzi kufikira masiku 3, ndipo umatha wokha mlungu usanathe. Ntchito yomweyo ikabwerezedwa, ululuwo umachepa, chifukwa minofu yaphunzira. Koma munthu amene wamva ululu woopsa tsiku loyamba safika pa tsiku lobwereza. Akulu adanena zoona kuti kuthamanga sikufika.

Palinso msampha wina pomwepa. Mtima ndi minofu zimalimba msanga, koma mitsempha yomanga mfundo za mafupa, ya m'maondo ndi ya kuchidendene, imalimba mochedwa. Chotero pofika mlungu wachinai munthu amva kuti befu lachepa, naonjeza mtunda kawiri nthawi imodzi, ndipo bondo litupa. Akhala pansi mwezi wathunthu, ndipo chizolowezi chija chafa.

Chachiwiri ndicho kufuna mphotho pamalo polakwika. Ambiri amayamba kuyenda kuti mimba iphwe, ndipo akakwera pasikelo patapita milungu iwiri apeza kuti muvi sunasunthe. Dziwani kuti ulendo wa mphindi 30 umatentha chakudya chochepa, chonga cha m'botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera. Kulemera kwa thupi kumatsika mochedwa, ndipo kumatsata mbale koposa miyendo. Munthu amene aika mtima wake wonse pasikelo adzakhumudwa, pamene phindu lenileni lilikuchitika m'kati mwake iye osaliona.

Chachitatu ndicho manyazi. Kwathu kuno munthu wamkulu woyenda mofulumira wopanda kopita amafunsidwa kuti, "Kwagwanji?" Ana amamtsata akuseka. Ndiponso kunenepa timakuyesa chizindikiro cha ulemu ndi chuma. Ndipo kuyambira zaka za m'ma 1990, pamene Edzi idatenga abale athu ochuluka, kuonda kudasanduka chinthu choopedwa, chifukwa anthu amanong'ona. Mai wina amaleka ulendo wake poopa kuti anansi anganene kuti alikudwala, kapena kuti mwamuna wake sakumdyetsa.

Chachinai, chimene chiri muzu wa zinzake, ndicho kudikira kuti mtima ufune. Munthu amati, "Lero sindikumva kufuna, ndidzapita mawa mtima ukalola." Koma thupi lolefuka silifuna kuyenda, monga ng'ombe yosazolowera goli siifuna goli. Chikhumbo chimabwera pambuyo, munthu atayenda masiku ambiri ndi kulawa kukoma kwake. Amene adikira chikhumbo kuti ayambe ali ngati mlimi wodikira kukhuta kuti akalime.

ZIMENE ZILIKUCHITIKA M'KATI

Nkofunika kudziwa ntchito imene thupi lilikugwira m'milungu yoyamba, pakuti wodziwa sataya mtima msanga. M'masiku ochepa madzi a m'magazi amachuluka, ndipo mtima umapopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi. Patapita milungu ingapo kugunda kwa mtima pamene munthu alikupumula kumachepa, chifukwa mtima sufunanso kuthamanga kuti ukwanitse ntchito yake. M'minofu mumamera timitsempha tatsopano ta magazi, ndipo minofuyo imaphunzira kutentha shuga ndi mafuta bwino.

Ulendo umodzi wokha umathandiza minofu kukoka shuga m'magazi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Nchifukwa chake odwala shuga amalangizidwa kuti asadumphitse masiku oposa awiri otsatana. Kwa amene magazi ao amathamanga kwambiri, kuyenda kosalekeza kumatsitsa nambala yapamwamba ya muyeso wa kuchipatala ndi 5 kufikira 8, ngakhale sikelo isasunthe. Ambiri amapezanso kuti tulo tabwera bwino, ndipo nkhawa zapepuka. Zonsezi zimayamba mimba isanaphwe.

YAMBANI NDI CHOCHEPA CHOCHITITSA MANYAZI

Popeza chikhumbo chimatsata ntchito, nzeru ndiyo kuchepetsa ntchitoyo kufikira ulesi usowe chonena. Milungu iwiri yoyamba yendani mphindi 10 zokha: mphindi 5 kupita, mphindi 5 kubwerera, masiku 5 pa mlungu. Ngati 10 zikulakani, yambani ndi 5. Milungu iwiri yotsatira yendani mphindi 15, ndipo muzionjeza mphindi 5 milungu iwiri iriyonse. Mukatero mudzafika pa mphindi 30 mu mlungu wa 9, thupi losapweteka. Mudzaona ngati nzachibwana, ndipo tsiku lina mudzafuna kupitirira. Lekani mukadali ndi mphamvu, kuti mubwere kunyumba mtima ukunena kuti, "Ndikadatha kuonjeza." Mau amenewo ndiwo adzakudzutsani mawa.

Liwiro loyenera mungalidziwe popanda wotchi. Yendani mofulumira kotero kuti mungathe kucheza ndi mnzanu, koma simungathe kuimba nyimbo. Ngati mau akudukiza chifukwa cha befu, chepetsani. Ngati mulikuimba bwinobwino, onjezani pang'ono.

Kawiri pa mlungu limbitsaninso minofu, pakuti malangizo a WHO aja anenanso zimenezi. Sipafunika zitsulo zogula. Khalani pampando ndi kunyamuka osagwira pena paliponse, kasanu kufikira kakhumi. Imani patsogolo pa khoma, tsamirani ndi manja, ndipo dzikankheni. Okalamba aphunzire kuima ndi mwendo umodzi atagwira chitseko, kuti asamagwe.

Ena a inu muli ndi mafoni owerenga mapazi, ndipo mudamva kuti munthu ayenera kuponda ka 10,000 pa tsiku. Nambala imeneyi idafala kuchokera ku dzina la kachipangizo kowerenga mapazi kamene kadayamba kugulitsidwa ku Japan m'chaka cha 1965. M'chaka cha 2019 dokotala I-Min Lee wa ku Harvard ndi anzake, atatsata amai okalamba oposa 16,000, adapeza kuti oponda ngati ka 4,400 pa tsiku anali kale kufa mochepera poyerekeza ndi oponda ka 2,700, ndipo phindulo lidapitirira kukula kufikira pafupifupi 7,500. Chotero nambala yaikulu ija isakuopseni. Onani pamene muli lero, ndipo onjezani pamenepo.

Achinyamata ofuna kuthamanga ayambe ayenda kufikira mphindi 30 zisawatopetse. Pambuyo pake angatsate njira imene Josh Clark wa ku America adakonza m'chaka cha 1996, yofikitsa munthu pa makilomita 5 m'milungu 9, akuchita katatu pa mlungu. Mlungu woyamba munthu amathamanga mphindi imodzi, nayenda mphindi imodzi ndi theka, mobwerezabwereza. Nzeru yake ndi yomweyi: kuyamba ndi chochepa.

BELU LA MGODI

Makolo athu sanali kufunsa mtima ngati ufuna kupita ku ntchito. Belu la mgodi likalira anali kunyamuka, kaya kuzizire kaya kutenthe. Inunso dziikireni belu lanu. Mangani ulendo wanu ku chinthu chimene mumachita kale tsiku ndi tsiku: mukatha kumwa tiyi wa m'mawa, poperekeza mdzukulu ku sukulu, pobwera ku mapemphero a m'bandakucha ku mzikiti, kapena potsika kombi patali pang'ono ndi kwanu. Dalaivala angayende mphindi 10 pamene galimoto yake ili pamzere kudikira anthu. Mai wa pamsika angapangane ndi mnzake kuti azilonderana malonda, wina akuyenda. Nsapato ziikeni pakhomo usiku. Nthawi ikakhala yodziwika, simudzakangananso ndi mtima wanu m'mawa uliwonse.

Kodi chizolowezi chimamera masiku angati? Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London adatsata anthu 96 amene adasankha chinthu chimodzi chatsopano choti azichita tsiku ndi tsiku, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa m'chaka cha 2010. Pakatikati, chinthucho chidayamba kuchitika chokha, mosaumiriza, patapita masiku 66. Koma kwa ena padali masiku 18 okha, ndipo kwa ena kudaoneka kuti pafunika masiku 254. Tsono ngati patha mwezi ndipo mukadalimbana ndi bulangeti, palibe cholakwika ndi inu. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba ndiyo chitunda.

Adapezanso chinthu china chotonthoza: kudumpha tsiku limodzi sikudaononge chizolowezicho. Ambiri amaleka chifukwa cha maliro, mvula kapena chimfine. Akajomba masiku atatu amati zonse zaonongeka. Iai. Dzedzeredzedzere salingana nkugweratu. Lamulo likhale ili: mukajomba lero, mawa pitani, ngakhale mphindi 5 zokha. Mukadwala mlungu wathunthu kapena kuposa, bwererani pambuyo pang'ono, muyambire pa muyeso wa milungu iwiri yapitayo.

DZIYESENI NDI DZULO LANU

Mtima umalimba ukaona kuti ntchito ilikubala. Chotero sankhani miyeso imene imasintha msanga. Tengani chitini, ndipo tsiku lirilonse mwayenda ponyanimo njere imodzi ya chimanga. Pakutha kwa mwezi ziwerengeni pamaso pa ana anu. Sankhani mtengo kapena mlongoti wa magetsi umene mumafikapo m'mphindi 5. Patapita milungu 4 mudzapeza kuti mwaupitirira. Kamodzi pa mlungu, mutangodzuka, ikani zala ziwiri padzanja pansi pa chala chachikulu, werengani kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi, ndipo lembani. Onaninso ntchito za pakhomo: kodi ndowa ya malita 20 ikulemerani monga kale? Kodi mukagwada m'tchalitchi mumanyamuka osagwira benchi? Pitani nalo khadi lanu la kuchipatala, anamwino alembe muyeso wa magazi mwezi ndi mwezi, ndipo muuone ndi maso anu.

Amene afuna kuti thupi lipepuke aphatikize kuyenda ndi kuchepetsa mbale. Ku America, m'kafukufuku amene adalengezedwa m'chaka cha 2002, adatenga anthu 3,234 amene shuga wao adali atayamba kukwera. Gulu limene lidalangizidwa kuyenda mphindi 150 pa mlungu ndi kuchepetsa kulemera kwao ndi magawo 7 pa 100 lidadwala nthenda ya shuga mochepera ndi 58 pa 100, pamene gulu lomwa mankhwala a metformin lidachepera ndi 31 pa 100. Kwa munthu wolemera makilogalamu 90, magawo 7 pa 100 ndiwo makilogalamu 6 ndi pang'ono. Sikuonda koti anansi anong'one ai. Ndi chipande chimodzi cha nsima chochotsedwa, ndiwo zamasamba zoonjezedwa, ndi shuga wochepa m'tiyi.

Musadziyese ndi mnyamata wothamanga pabwalo la Rimuka, kapena ndi thupi lanu la zaka 30 zapitazo. Woyenera kupikisana naye ndiye inu wa mwezi watha.

MANKHWALA A MANYAZI

Munthu mmodzi woyenda yekha amasekedwa, koma anthu anai oyenda pamodzi amafunsidwa kuti, "Kodi mawa munyamuka nthawi yanji?" Pezani mnzanu wa msinkhu wanu ndi wa liwiro lanu, ndipo panganani kuti wina azigogoda pakhomo pa mnzake. Nkosavuta kudzinamiza wekha, koma nkovuta kubweza mnansi amene waima pakhomo m'mawa kukuzizira. Magulu tiri nao kale: amai a Chigwirizano, makwaya, magulu osunga ndalama, ndi mabungwe othandizana pa maliro. Bungwe limene limasonkha ndalama za bokosi lingathenso kupangana za ulendo wa Loweruka m'mawa, kuti bokosilo lichedwe kufunika.

Ndiponso si kuyenda kokha kumene kumalimbitsa thupi. Magule amene makolo adabwera nao kuchokera kwao, monga beni, chimtali ndi chiwoda, amatulutsa thukuta koposa ulendo wa ndawala, ndipo palibe amaseka nkhalamba yovina. Kulima dimba, kusinja, kupalasa njinga, kusewera mpira wa manja: zonsezi ziwerengedwa. Sankhani chimene chikukondweretsani, pakuti chinthu chokoma sichisowa wochikumbutsa.

Kwa onong'ona, yankho lalifupi likwanira: "Adokotala andiuza." Ndipo inu apabanja, musaseke woyamba kumene. Mwana amene anena kuti, "Agogo, tiyeni ndikuperekezeni," wachita zazikulu koposa wogula mankhwala.

MACHENJEZO

Tisanatseke tinene zoyenera kusamala, chifukwa ngozi imodzi imathetsa khama la miyezi yambiri.

Inu amene mudagwira ntchito pansi pa mgodi kapena pa chigayo cha miyala, fumbi lija limatha kuumitsa mapapo ndi kutsegulira njira chifuwa chachikulu cha TB. Ngati mulikutsokomola milungu iwiri kapena kuposa, kutuluka thukuta usiku, kuonda popanda chifukwa, kapena kupuma movutika mutangokhala, befu limenelo si la ulesi. Yambani mwapita ku kiliniki, kapena ku chipatala cha Kadoma kapena cha Chegutu, akakupimeni. Chimodzimodzi amene muli ndi nthenda ya mtima, ya impso kapena ya shuga, ndi amai oyembekezera: funsani anamwino muyeso wokuyenerani. Kuyenda sikulowa m'malo mwa mankhwala amene mudapatsidwa. Pitirizani kumwa kufikira dokotala yekha asinthe.

Muli paulendo, mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira ku dzanja kapena kukwera ku chibwano, chizungulire, kapena mtima kugunda mosokonezeka, imani pomwepo ndipo funani chithandizo msanga. Kuwawa kwa minofu ya mbali zonse ziwiri kumene kumabwera m'mawa mwake nkwa chizolowezi. Koma ululu wobaya wa pa mfundo imodzi, kapena kutupa, ndi chizindikiro choti mupumule. Odwala shuga asayende opanda nsapato, aziyang'ana mapazi ao madzulo alionse ngati pali chilonda, ndipo omwa mankhwala otsitsa shuga atenge kanthu kotsekemera m'thumba.

Dziko lino limatentha kwambiri m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala mvula isanagwe. Nthawi imeneyo yendani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mutavala chipewa, ndipo imwani madzi. Mumseu waukulu wa Harare ndi Bulawayo mumathamanga magalimoto akulu usana ndi usiku. Ngati simungaupewe, yendani kudzanja lamanja, moyang'anana ndi galimoto zobwera, mutavala choyera. M'tchire la kuno muli maenje ambiri a okumba golide, ena obisika m'udzu, chotero tsatani njira zodziwika ndipo musayende mumdima. Musasambe m'madzi odikha a mumtsinje kapena m'damu la Claw pofuna kuziziritsa thupi, chifukwa cha likodzo ndi ng'ona.

MAU OTSIRIZA

Abale anga, taona kuti phindu lalikulu liri kwa woyamba kumene, kuti thupi limasintha m'kati maso asanaone, ndi kuti chikhumbo chimamera pambuyo pa ntchito monga mmera pambuyo pa kudzala. Tsono musadikire Januwale, musadikire nsapato zatsopano, musadikire kuti mtima ulole. Usiku uno ikani nsapato pakhomo, uzani mnansi mmodzi, ndipo konzani chitini chanu. Mawa yendani mphindi 5 kupita ndi mphindi 5 kubwerera, ndi kuponya njere yoyamba. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.